Kulamula Makina Osindikizira ndi Mau Olembedwa

Ambiri a inu mudziwa kuti ine ndiri mmodzi wa ophunzira anai amene anapatsidwa nchito yoyang'anira makina osindikizira m'chipinda cha makompyuta. Nchito imeneyi ndaigwira matemu asanu, ndipo chaka chino nchotsiriza kwa ine pa sukulu pano. Chifukwa chake akonzi a magazini atapempha nkhani, ndinaganiza zolemba chinthu chimene ndifuna kusiyira otsala m'mbuyo, ndicho njira yolamulira makinawo polemba mau, m'malo moloza ndi mausi. Ena adzati nkhani yotere njouma ngati chimanga chokazinga. Koma ndikupemphani kuti mupirire nane, pakuti nkhaniyi ikhudza mapepala, ndipo mapepala akhudza matumba a makolo athu.

Tonsefe tidziwa kumene ndalama za mapepala zichokera. Kuno ku Phalombe makolo athu alima chimanga, nandolo ndi mpendadzuwa, ena agula matemba ku nyanja ya Chilwa nakagulitsa pa Migowi kapena pa Chiringa. Chichokere namondwe Freddy, amene anakokolola minda, nyumba ndi milatho m'mwezi wa Marichi chaka cha 2023, mabanja ambiri sanabwerere mwakale. Tsono pamene kalasi lisonkha ndalama kuti ligule mapepala osindikizirapo mafunso obwereza, ndalama zimenezo ndi thukuta la munthu amene anaweramira khasu. Pepala lotuluka m'makina molakwika silibwereranso. Akulu anati madzi akatayika saoleka.

Tiyeni tichite masamu pang'ono. Tiyerekeze kuti a Fomu 4 alipo 60, ndipo aliyense afuna kabuku ka mafunso ka masamba 24 kokonzekera mayeso a MSCE. Tikasindikiza tsamba limodzi pa pepala limodzi, kuseri kuli mbee, tifuna mapepala 1,440. Rimu imodzi ikhala ndi mapepala 500, kotero marimu atatu angotsala pang'ono kutha. Tikasindikiza mbali zonse ziwiri, mapepala ofunika ndi 720. Koma tikaika masamba awiri kumaso ndi awiri kuseri, kabuku kamodzi kadya mapepala 6 okha, ndipo kalasi lonse likwana ndi mapepala 360. Taonani kusiyana kwake: marimu atatu, kapena rimu imodzi yosatha nkomwe. Mafunso ndi omwewo, makina ndi omwewo. Chasintha ndi zimene makinawo auzidwa.

Njira youzira makina imene ambiri aidziwa ndi ya mausi. Munthu atsegula fayilo, asankha zosindikiza, ndipo pa sikirini pabwera kabokosi kokhala ndi timabokosi tina m'kati mwake. Apa achonga, apo asankha, natsegula kena kobisika kuseri kwa kanzake. Njira imeneyi si yoipa, ndipo kwa munthu wosindikiza kalata ya tsamba limodzi njokwanira ndithu. Vuto lake ndi lakuti siisiya mapazi. Munthu akachoka pa mpando, palibe angadziwe kumene analoza, ndipo iye mwini mawa lake sakumbukira zonse. Akafuna kuuza mnzake, anena kuti, "Upite pamwamba paja, usankhe chachiwiri chija." Mnzakeyo akafika pa makina apeza kuti zachiwiri ziripo zitatu. Kodi si paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa?

Njira ina ndiyo imene aphunzitsi athu a makompyuta anatiphunzitsa tiri mu Fomu 3. Makompyuta a m'chipinda chathu ayendera Ubuntu, umene uli mtundu wina wa Linux. Mukakanikiza Ctrl, Alt ndi T pamodzi, patseguka bwalo lakuda lopanda chithunzi chirichonse, lochedwa Terminal. Pamenepo munthu alemba lamulo m'zilembo, nakanikiza Enter, ndipo kompyuta ichita monga kwalembedwa. M'Chingerezi njirayi amati command line. Anzanga ena ataliona bwalolo koyamba anati likuoneka ngati kompyuta yafa. Sinafe ai, ingodikira kuti muilankhule.

Njirayi njakale kuposa mausi wa pa desiki yathu. Unix, kholo la njira zoterezi, inayambidwa m'chaka cha 1969 ku Bell Labs ku America ndi Ken Thompson ndi Dennis Ritchie. Linux inayambidwa mu 1991 ndi Linus Torvalds, amene pa nthawiyo anali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Ubuntu inatuluka koyamba mu 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lake ndi mau omwe aja amene ife timati umunthu. Koma kapitao weniweni wa zosindikiza m'kompyuta zathu ndi pulogalamu yochedwa CUPS, imene Michael Sweet anaitulutsa mu 1999, ndipo kampani ya Apple inaigula mu 2007. Pulogalamuyi ilandira nchito iriyonse yosindikiza, niiika pa mzere, niipereka ku makina imodzi imodzi, monga mwini chigayo achitira ndi matumba a chimanga. Malamulo amene ndilembe pansipa onse alankhula ndi CUPS.

Choyamba munthu ayenera kufunsa. Safunsa anadya phula. Lamulo lofunsira ndi ili:

lpstat -p -d

Kompyuta iyankha ndi maina a makina osindikizira amene iwadziwa, ninena ngati ali okonzeka kapena aima, ndiponso amene idzatumizako nchito mukapanda kutchula dzina. Makina athu tinawatcha michesi, potengera phiri limene tiliona tikatuluka m'kalasi. Kuti mudziwe zimene makinawo akhoza kuchita, lembani:

lpoptions -p michesi -l

Pabwera mndandanda wa zosankha, monga kukula kwa pepala ndi kusindikiza mbali ziwiri, ndipo chimene chiri ndi kanyenyezi patsogolo ndicho chimene makina achita mukapanda kunena kanthu. Mndandanda umenewu muziuwerenga, pakuti makina sali ofanana onse. Mukalamula chinthu chimene makina anu sachitha, kawirikawiri sakutsutsani. Angochisiya mwakachetechete nasindikiza monga azolowera.

Lamulo losindikizira ndi la zilembo ziwiri zokha, lp. Zilembozi zichokera ku dzina la makina akale amene anali kusindikiza mzere wathunthu nthawi imodzi. Mukalemba lp ndi dzina la fayilo, nchito yapita. Koma nzeru yonse iri pakati pa ziwirizo. Nali lamulo limene tisindikizira timabuku ta mafunso:

lp -d michesi -n 60 -o collate=true -o media=A4 -o number-up=2 -o sides=two-sided-short-edge mafunso.pdf

Musaope kutalika kwake. Tiyeni tilimasule chidutswa chidutswa. Chilembo -d chitchula makina amene tiwatuma. Chilembo -n chinena chiwerengero cha timabuku, pano 60. Chirichonse choyamba ndi -o ndi chosankha chimodzi. Mau akuti collate=true auza makina kuti amalize kabuku koyamba asanayambe kachiwiri. Popanda mauwa makina akhoza kutulutsa pepala loyamba ka 60, lachiwiri ka 60, ndipo mudzathera Loweruka lonse muli kuzungulira tebulo kusanja mapepala. Mau akuti number-up=2 aika masamba awiri pa mbali imodzi ya pepala, ndipo sides anena za kusindikiza kumaso ndi kuseri.

Pa sides pali kanthu kamene kagwetsa ambiri. Pepala liri ndi mbali yaitali ndi mbali yaifupi, ndipo makina afuna kudziwa mbali imene mudzatembenuzire. Ngati pa pepala pali tsamba limodzi loimirira, monga m'buku wamba, lembani two-sided-long-edge. Koma mukaika masamba awiri pa pepala limodzi, pepalalo liwerengedwa chogona, ndipo pafunika two-sided-short-edge. Mukasinthanitsa ziwirizi, za kuseri zidzatuluka chadodolido, ndipo wowerenga adzakhala akuzunguza kabuku ngati chiwongolero cha galimoto.

Nawonso mau akuti media=A4 si okongoletsa chabe. Pepala limene tigula kuno ndi A4, la mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Ku America agwiritsa nchito lina lochedwa Letter, la mamilimita 216 ndi 279, lonenepa pang'ono koma lalifupi. Mabuku ambiri otengedwa pa intaneti anakonzedwera pepala la Letter. Makina ena akalandira fayilo yotere angoima nayamba kuthwanima, kudikira pepala limene mwina simudzalipeza m'sitolo iriyonse pa boma. Ena asindikiza koma adula zilembo za m'mphepete. Mankhwala ake ndi kutchula A4, ndi kuonjezera -o fit-to-page kuti tsamba lichepetsedwe kufikira litakwana bwino.

Ziripo zina zothandiza. Mukafuna masamba ena okha, lembani -o page-ranges=1-4, ndipo otsalawo sadzatuluka. Mukafuna kusunga inki pa zinthu zongowerenga tsiku limodzi, -o print-quality=3 ipempha makina kuti asindikize mopepuka, pamene 4 ndi mwa masiku onse ndipo 5 ndi mokongola koposa. Makina amene sakhoza kutembenuza pepala okha, muyambe mwawapatsa -o page-set=odd kuti atulutse tsamba 1, 3, 5 ndi ena otero, kenaka mutembenuze mulu wa mapepalawo ndi manja, muubwezere m'thireyi, ndi kulamula -o page-set=even. Pamenepa yesani kaye ndi masamba anai okha, kuti muone mbali imene pepala liyenera kuyang'ana. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsono ndinene chifukwa chake ine ndikonda njira imeneyi. Lamulo lolembedwa liima pamaso panu lonse lathunthu musanakanikize Enter. Mukhoza kuliwerenga kawiri. Mukhoza kuitana mnzanu kuti aliwerenge. Ife anai tinapangana kuti nchito iriyonse yopitirira mapepala 20, wina alembe lamulo ndipo wina aliwerenge mokweza. Tinapangananso kuti tiziyamba ndi -n 1, tione kabuku kamodzi ndi maso athu. Kakatuluka bwino, tikanikiza kiyi wa muvi woloza kumwamba, lamulo lomwe lija libwera, tingosintha 1 kukhala 59, zina zonse ziri chikhalire. Ndi mausi, munthu ayenera kuyendanso ulendo wonse wa timabokosi, ndipo pa ulendo wachiwiriwo mpamene kanthu kamaiwalika.

Chinthu chachiwiri ndi mzere wa nchito zodikira. Tsiku lina m'temu yachiwiri, magetsi anazima masana pamene ophunzira a kalasi lina anali m'chipinda cha makompyuta. Kompyuta imene makina alumikizidwako ndi laputopu ya batire, kotero iyo sinazime. Ophunzirawo anatumiza notsi zao za masamba 30, ndipo poona kuti palibe chikutuluka, anatumizanso, natumizanso, mpaka belu linalira. Magetsi anabwera madzulo pa nthawi ya kuwerenga, ndipo linali tsiku langa losindikiza. Mwambo wathu ndi wakuti tisanayatse makina tiyambe tafunsa chimene chiri pa mzere:

lpstat -o

Panatuluka nchito zisanu ndi ziwiri, zonse fayilo imodzimodzi. Makina akadayatsidwa osafunsa, akadameza mapepala 210 pamene ofunika anali 30, ndipo m'thireyi munali mapepala amene a Fomu 4 anasonkherana. Nchito iriyonse iri ndi nambala yake. Ndinalemba cancel ndi nambala, kasanu ndi kamodzi, ndi kusiya imodzi yokha. Mapepala 180 anapulumuka pa mphindi imodzi. Mukafuna kufafaniza zonse za pa mzere, lamulo ndi cancel -a, koma limeneli musaligwiritse nchito musanafunse aphunzitsi, pakuti pa mzerepo pakhoza kukhala nchito ya ku ofesi.

Chichitikire zimenezo tinaonjeza mwambo wina. Nchito yaikulu ikabwera nthawi imene magetsi ali okayikitsa, kapena aphunzitsi asanaione, tiitumiza ndi -H hold. Ikhala pa mzere koma siyenda. Zonse zikakonzeka tilemba lp -i ndi nambala yake, kenaka -H resume, ndipo iyamba. Nthawi zinanso pepala likakodwa m'kati, CUPS iimitsa makina, ndipo ngakhale mutachotsa pepalalo sayambanso okha. Anthu ayesa kuti makina aonongeka, pamene chofunika ndi kulemba cupsenable michesi. Lamulo limeneli lifuna chilolezo cha woyang'anira kompyuta, chifukwa chake alemba ndi aphunzitsi.

Chinthu chachitatu ndi chakuti lamulo lalitali likhoza kupatsidwa dzina lalifupi. Tinalemba kamodzi kokha motere:

lpoptions -p michesi/mayeso -o media=A4 -o number-up=2 -o sides=two-sided-short-edge -o collate=true

Kuyambira pamenepo, aliyense wolowa ndi dzina lomwelo pa kompyutayo akalemba lp -d michesi/mayeso ndi dzina la fayilo, zosankha zonse zinai zitsata zokha. Makina ndi amodzi, koma ali ngati ali ndi zitseko ziwiri, china cha makalata ndi china cha timabuku ta mayeso.

Sindifuna kukunyengani kuti njirayi iribe minga. Malamulo onse ali m'Chingerezi chodulidwa, ndipo kompyuta iribe chifundo pa kalembedwe. Chilembo chachikulu ndi chaching'ono kwa iyo nzosiyana: -p si -P. Mpata umodzi woikidwa pamalo polakwika usokoneza lamulo lonse. Dzina la fayilo lokhala ndi mpata pakati liyenera kutsekeredwa m'zizindikiro za mau ogwidwa. Mnzanga wina anandifunsa kuti, "Nanga bwanji tizivutika kuloweza zonsezi pamene mausi alipo?" Yankho langa ndi lakuti palibe aloweza. Mukalemba man lp, kompyuta ikuonetsani buku lonse la lamulolo. Ndiponso malamulo ofunika pa nchito yathu sapitirira khumi, ochepa kuposa mafomula a Physics amene tonse tiwasenza m'mutu.

Wina anati, "Kumene ndikapite kukakhala Windows, osati Ubuntu." Zoona, koma nzeru yake njomweyo. Pa Windows pali bwalo lochedwa PowerShell, m'mene Get-Printer itchula makina, Get-PrintJob ionetsa mzere, Remove-PrintJob ichotsa nchito, ndipo Set-PrintConfiguration isintha kukula kwa pepala ndi za mbali ziwiri. Pa makompyuta a Apple, malamulo a lp ndi lpstat agwira nchito monga pa athuwa. Wodziwa kufunsa, kuwerenga ndi kuyesa kamodzi asanatumize zambiri sadzasochera kulikonse.

Mmodzi wa aphunzitsi athu achikulire atationa tiri kuwerengerana lamulo mokweza anaseka, natiuza za masiku ao. Kale mayeso a pa sukulu anali kutayipidwa pa sitensulo ndi taipi, kenaka sitensuloyo inali kukulungidwa pa makina a Gestetner opukusa ndi dzanja, ochedwa ndi dzina la David Gestetner amene anayamba nchito yotere ku London cha m'ma 1881. Anati wotayipa anali kuwerenga chiganizo chonse asanagunde chilembo, pakuti sitensulo inali yodula ndipo chilembo cholakwika chinali kutuluka pa pepala la mwana aliyense. Anatinso makina a lero ndi ofulumira kwambiri kotero kuti alakwitsa mapepala 100 munthu asananyamuke pa mpando. Mau amenewa anandikhala mumtima. Liwiro la makina lifuna kuti kuganiza kuchitike nchito isanayambe, ndipo lamulo lolembedwa limkakamiza munthu kutero.

Mu kabati ya m'chipinda cha makompyuta tasiyamo kope lachikuto chofiira. M'menemo talemba ndi bolopeni lamulo lirilonse limene linagwira nchito bwino, tsiku lake, ndi chiwerengero cha mapepala amene linadya. Muli lamulo la timabuku ta mafunso, la ndandanda ya maphunziro yopachika pa khoma, ndi limene lasindikiza magazini ino imene muli kuwerenga. Kuloza kwa mausi sitikadatha kukulemba m'kope. Koma mau alembeka, ndipo mwana wa Fomu 1 amene sitidzamuona akhoza kudzatsegula kopelo, nakopera mzere umodzi, napeza zotuluka zofanana ndi zathu.

Kwa inu a Fomu 2 ndi Fomu 3, makamaka atsikana, amene kawirikawiri muima kumbuyo pamene anyamata akanganirana mipando, nditi bwerani mudzaphunzire tisanachoke. Tipezeka m'chipindamo Lachitatu lirilonse maphunziro akatha. Bwerani ndi pensulo. Mudzayamba ndi lpstat, lamulo limene silidya pepala ngakhale limodzi, ndipo pakutha pa temu mudzakhala mukusindikizira kalasi lonse. Ndithokoza aphunzitsi athu a makompyuta chifukwa chotikhulupirira ndi makiyi, ndi anzanga atatu amene ndawerengerana nawo malamulo matemu onsewa. Otsala inu, sungani kopelo pouma, ndipo mukapeza lamulo latsopano labwino, lilembeni pa tsamba lotsatira.

Wophunzira wa Fomu 4